Apongozi pa Keliyala

Aliyense woyenda ndi katundu pa njinga pakati pa Milepa ndi boma la Chiradzulu amawadziwa a Bonifasio Kalinde. Ndi aja amakhala pakhonde la sitolo ya a Abbas pa Ndunde, njinga itagadamitsidwa patsogolo pawo, masipokosi atatu ali kukamwa. Ukafika tayala litapindika salikhudza msanga. Amalizunguza kamodzi, kutsinzina diso limodzi, n'kukuuza dzenje limene unagweramo, ndiponso kuti unasenza matumba awiri pamene njinga yako ndi ya thumba limodzi ndi theka. Ukakana amangoseka. Pakhondepo pamayendayenda nkhuku zamawangamawanga zimene munthu saloledwa kuzipirikitsa, ndipo mlendo akafunsa chifukwa chake, onse odikira njinga zawo amayamba kukhala bwino, poti nkhani yake ndi yaitali.

Anabadwira kufupi ndi Ndunde komweko. Sukulu anaphunzira ya amishoni mpaka Sitandade 2, ndipo chimene anatolako chenicheni ndi kuwerengera. Katekisimu ankamuiwala, koma ukanawafunsa kuti denga la tchalitchi lili ndi mapaso angati akanakuyankha osaganiza. Atakula anakathyola tiyi ku Thyolo zaka zitatu. Kumeneko kapitawo wina anawaphunzitsa kumata machubu ndi kuwongola matayala, ndipo anabwerako ndi njinga yawoyawo, pampu ndi masipanala anayi. Nkhondo itangotha anakwatira Bernadetta wa ku Milepa nalowa chikamwini. Masiku amenewo anali Bonifasio chabe, mkamwini wa Anangondo.

Anangondo, dzina la ubatizo Ursula, anali mayi wamasiye wosunga mwambo ngati mbewu. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, salankhula nawo, sadya iwo akuona. Akakumana panjira, wina amalowa patchire. Zaka zisanu ndi chimodzi Bonifasio anakhala pakhomo pawo, kuwalimira munda, kuwafolerera nyumba, ndipo chaka cha njala anapalasa njinga mpaka kwa Apwitikizi kukawasakira chinangwa, koma nkhope yawo sanaionepo. Ankadziwa chifuwa chawo, mawu awo akamakalipira mbuzi, ndi nsalu yawo yabiriwita ikuzimirira kuseri kwa nkhokwe. Munda wawo ndiwo ankaudziwa bwino: mizere 214.

Tsiku lina la msika anakhala pansi pa mtengo pa Ndunde n'kuwerenga njinga zodutsa. Zinakwana 43, ndipo zisanu ndi zinayi mwa izo eni ake ankachita kukankha. Wokonza njinga wodziwika anali kutali ku Limbe. A Abbas, mwini kasitolo ka mchere, sopo ndi palafini, anamulonjeza khonde. Chotsala chinali chimodzi, kuti Anangondo alole chitengwa, Bonifasio atenge mkazi wake ndi ana awiri akakhale nawo kwawo. Mlongo wawo wa Anangondo, amene akanagamula nkhaniyi, anapita ku Halale kalekale osatumiza ngakhale kalata, choncho mawu omaliza anali a mayiwo. Nthawi nayo inali kutha. Mkamwini akadzala munda wa apongozi sachoka mpaka akolole. Mvula yodzalira ikangogwa, ndiye kuti chaka chinanso chapita.

Kanayi konse anatuma nkhoswe yake, amalume ake a Lameck, amene nawonso anali pachikamwini m'mudzi woyandikana. Ulendo uliwonse ankawapatsa fodya wachingambwe, ndipo ulendo uliwonse ankabwerako ndi yankho limodzi.

"Akuti aganize kaye, mphwanga. Nkhani zikuluzikulu sathamangira."

M'mwezi wa Okotobala 1951 Anangondo anagwidwa ndi dzino. Anayesa mizu, anayesa mchere, anatsira fodya wosera pabowo, koma tsaya linangotupirabe mpaka kufanana ndi papaya. Lole yopita ku Limbe inkadutsa Loweruka lokha, ndipo tsikulo linali Lachitatu. Bernadetta, amene anali woyembekezera, anapeza mwamuna wake akudzoza mafuta tcheni.

"Bambo a Idesi, mawa amayi muwatengere ku Nguludi kwa masisitere."

"Ndiwatengere pa chiyani?"

"Chimene mukupukutacho ndi ng'ombe?"

"Amake Idesi, kuchokera pachishalo kufika pa keliyala pali mainchesi asanu ndi imodzi. Ndinayeza."

"Ndiye amayi afe ndi dzino chifukwa cha mainchesi?"

Anamasula mfundoyi ndi a Lameck. Anati mwambo umaletsa maso, suletsa msana. Mayiwo akhale pa keliyala moyang'ana kumbuyo, mkamwini ayang'ane kutsogolo, ndipo iwo, monga nkhoswe, azipalasa njinga yawo pambali n'kumanyamula mawu. Bonifasio anaona kuti mwina mwayi wake ndi womwewu. Mamayilo 23 ndi ambiri, nkhani ya chitengwa ikhoza kukambidwa yonse asanafike.

Ananyamuka kukungoyera. Bonifasio anagwira njinga n'kuyang'ana nkhokwe. Anamva mapazi, kubuula pang'ono, kenaka njinga inatsika. Thumba limodzi la chimanga ndi dengu la nandolo, anatero mumtima. Pamiyendo pawo Anangondo anafungatira kadengu, mkati mwake muli thadzi lamawangamawanga loti akathokozere masisitere. Mutu anaukulunga ndi mpango wodutsa pansi pa chibwano.

Dziko la Milepa nyengo imeneyo limakhala lang'ambika ngati chidendene. Utsi unali kufuka m'minda mmene anthu ankatentha zinyalala, ndipo ena anali atayamba kale kugalauza mizere dzuwa lisanapse. Mitengo imene inayoyoka masamba m'chisanu inali itaphukira ofiira, ofewa, mvula isanagwe n'dontho lomwe. Mango anali ngati chala chachikulu. Bonifasio ankaona phiri la Chiradzulu likukula patsogolo pake, Anangondo ankaona la Mulanje likuchepa, ndipo pakati pa misana yawo panali mpata wokwana dzanja.

Mamayilo anayi oyamba a Lameck anagwira ntchito yawo bwino.

"Akuti maenje, mphwanga."

"Muwauze kuti ndamva."

"Akuti wamva, amayi."

Pa mayilo yachisanu kunamveka ng'oma ndi nthungululu kuseri kwa nthochi, ndipo kamphepo kanabweretsa fungo la masese. Posakhalitsa a Lameck anatsika. Tayala lawo lakumbuyo linali phwa. Bonifasio anatsitsa apongozi ake, maso ali kumwamba, n'kupita kukaliona. Munga panalibe, msomali panalibe. Valavu ndiyo inali yomasuka, ndipo pafumbi lake panali zidindo za zala ziwiri.

"Amalume, ndingopopa, si ntchito."

"Iyayi, musachedwetse wodwala. Ndilidziwa ine tayala limeneli, limafuna kupuma. Tsogolani, ndikupezani pa Ndunde."

Anatero akukankhira kale njinga yawo kunthochi kuja.

Anayenda mayilo imodzi ndi theka popanda mawu. Nyenje zokha ndizo zinkalira m'mitengo. Kenaka Bonifasio anamva chifuwa chija chimene ankachidziwa, ndipo mawu anatuluka, osalunjika kwa iye koma kwa nkhuku ya m'kadengu.

"Namawanga, iwe. Uwauze a kutsogolowo kuti nsalu yanga ikudyedwa ndi njinga."

Bonifasio anagwira mabuleki. Anaganiza kanthawi. Nkhuku ikanyamula mawu a apongozi ndiye kuti ndi nkhoswe, ndipo nkhoswe imapatsidwa ulemu.

"Anamawanga, muwauze amayi kuti ndapepesa. Aikokere kumanzere, ine ndibweza tayala pang'ono."

Nkhuku inangoti ko. Nsalu inatuluka.

Kuyambira pamenepo ulendo unayenda bwino kuposa kale. Anamawanga anali nkhoswe yosaonjezera mawu, yosachotsera, yosafuna fodya.

"Uwafunse ngati maenje onsewa akuchita kuwasaka."

"Muwauze kuti mwa maenje khumi ndazemba asanu ndi atatu."

"Uwauze kuti dzino langa lawerenga awiri otsalawo."

Pamudzi wina ana anathamangira kumsewu kudzaona mayi woyenda chobwerera.

"Agogo, mukupita kapena mukubwera?"

"Ndikuyang'ana pamene munataya ulemu," anayankha Anangondo, ndipo Bonifasio analuma mlomo kuti msana wake usagwedezeke.

Anafika pa Ndunde dzuwa litakwera. Amayi anali atayala kale tomato ndi mpiru wam'dimba m'mbali mwa msewu. Bonifasio anafuna kudutsa mwamsanga, koma a Abbas anali pakhomo pa sitolo yawo akusesa khonde lomwe lija.

"Achimwene Bonifasio, za khonde bwanji? Telala wa ku Namitambo wabwera kawiri ndi makina ake. Likafika Loweruka musanandiyankhe, ndimupatsa iyeyo."

Bonifasio analiza belu mwamphamvu ngakhale kuti mumsewu munalibe munthu. Sizinathandize. Atangopitirira Ndunde panali chitunda choti sakanakwera nacho munthu, choncho anatsika onse. Iye anatsogola akukankha njinga, mayiwo akutsatira ndi kadengu kawo.

"Namawanga, khonde lanji?"

"Anamawanga, muwauze amayi kuti ndi nkhani ija amalume anabwera nayo kanayi."

"Uwauze kuti a Lameck anabweradi kanayi. Ulendo woyamba anakamba za mbewa. Wachiwiri za bondo lawo. Wachitatu anadya mkulu wako, wachinayi anadya amako. Za khonde ine sindinamve."

Bonifasio anaima. Zaka ziwiri, fodya kanayi, ndipo mawu sanafike ngakhale pakhomo. Anaganiza zongonena yekha.

"Anamawanga, ngati zili choncho, muwauze amayi kuti ine ndakhala ndikufuna..."

"Uwauze atseke pakamwa. Wodwala dzino akayankha nkhani, limayankha ndi dzinolo. Adzanene likachoka."

Pa boma mitengo ya jakaranda inali itachita maluwa, ndipo msewu wonse wa kumaofesi unali utayalidwa ndi maluwa othothoka, pakati pa miyala yopakidwa laimu. Mesenjala wina wa chisoti chofiira anawayang'anitsitsa ngati akufufuza lamulo loletsa kukwera njinga chobwerera, koma sanalipeze. Anapumula pansi pa bulugamu wamkulu, wina mbali iyi, wina mbali inayo. Bonifasio anadya zitumbuwa ziwiri mosamveka kutafuna, Anangondo anamwa thobwa ndi tsaya limodzi, ndipo nkhuku inatola nyenyeswa uku ndi uku. Pokhapo ndi pamene inafanana ndi a Lameck.

Kuchoka pa boma njira inali yotsetsereka. Anawoloka mtsinje wa Mombezi madzi ali m'kakolo, amayi akuchapa pamiyala, madimba ali biriwiri m'mbali mwake pamene kwina konse kunali kofiira. Kutentha kunakula. Pamwamba pa phiri la Malabvi mitambo inayamba kuunjikana, ndipo Bonifasio ankangoiyang'ana akukumbukira za mvula yodzalira. Analowa pa Nguludi belu lamasana likulira.

Pakhomo pa chipatala Anangondo anaika kadengu pansi.

"Namawanga, tsala ndi a kutsogolowo. Ndikaone kaye ngati ntchito ya masisitere ikuyenera nkhuku."

Bonifasio anapachika kadenguko pahandulo, naima pansi pa mango, nkhope ataloza kukhoma kuti mayiwo potuluka asamudzidzimutse. Anawerenga njerwa za khomalo kawiri. Anakonza mawu ake, kuwasanja bwino ngati katundu pa keliyala, olemera pansi, opepuka pamwamba. Maola awiri anapita. Kumwamba kunagunda.

Kenaka anamva mapazi osavala nsapato akubwera pang'onopang'ono. Ndi ngodya ya diso anaona nsalu yabiriwita ndi mutu wokulungidwa mpango, ndipo anamva fungo la mankhwala. Anatembenuzira nkhope kumbali msanga.

"Anamawanga, muwauze amayi kuti akwere, chobwerera ngati m'mawa muja, tithawe mvula."

Panapita kanthawi. Kenaka njinga inatsika pang'ono, ndipo ananyamuka.

Asanatuluke n'komwe pamishoni anazindikira kuti katundu wapepuka. M'mawa linali thumba ndi dengu, tsopano silinkakwana n'thumba lomwe. Anadabwa. Dzino limodzi kulemera chotero? Koma anakumbukira kukula kwa tsaya lija, ndiponso kuti masisitere ndi anthu odziwa ntchito, nasiya kuganiza za izo. Dzino linali litachoka, nthawi yake inali itakwana.

"Anamawanga, muwauze amayi kuti pa Ndunde pamadutsa njinga 43 tsiku la msika, ndipo zisanu ndi zinayi zimakhala zodwala."

"Mm," kunamveka kumbuyo, ngati mawu a munthu wa thonje m'kamwa.

"Muwauze kuti a Abbas andipatsa khonde, ndipo ndikupempha kuti nditenge amake Idesi ndi ana tikakhale kumeneko."

"Mm."

Bonifasio anatsala pang'ono kugwera mumsewu. Anafunsa kuti atsimikize.

"Muwafunse ngati alola."

"Mm, mm."

Mphamvu zinamubwerera m'miyendo. Analonjeza kuti chaka chilichonse azibwera kudzagalauza mizere yonse 214, poti Ndunde ndi Milepa n'kufupi kwa munthu wa njinga. Analonjeza sopo, analonjeza mchere, analonjeza chitseko chamatabwa. Chilichonse chinalandiridwa ndi mm. Ataona kuti lero zonse zikulowa, anaonjezapo ndi zina zimene anazisunga nthawi yaitali: kuti mbuzi yawo ndiyo inatafuna chishalo chake chakale, ndi kuti thobwa lawo limachepa shuga. Mm. Anakwera chitunda chonse osatsika, akuimba nyimbo ya ku Thyolo.

Atayenda mamayilo atatu, chala chinamugogoda pamsana. Anadzidzimuka. Apongozi sakhudza mkamwini.

"Nditsitseni pa mkuyupo, bambo."

Mawuwo sanali amene ankakalipira mbuzi ku Milepa. Bonifasio anaima, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anacheuka. Pa keliyala panali kamayi kakang'ono kokalamba, kakulavula thonje.

"Inu ndinu ndani?"

"Albertina. Kwathu ndi apa, kuseri kwa mkuyuwu. Munati ndikwere, ndiye ndinayesa ndi chifundo cha pamishoni. Kungoti kukhala kwake n'kwachilendo."

"Nanga bwanji mumangovomera zonse?"

"Nkhani yake inali yabwino. Mkaziyo mtengeni ndithu, ine ndalola. Kungoti ana anga onse ndi amuna."

Anatsika, nakonza nsalu yawo, nawomba m'manja kuthokoza. Atayenda pang'ono anatembenuka.

"Koma za thobwa zija musakanene."

Dontho loyamba linagwera pa belu. Lachiwiri pamphuno. Kenaka mvula inakhuthuka, fumbi n'kununkhira. Apongozi wawasiya pamishoni, mvula yagwa, khonde lapita kwa telala. Bonifasio anatembenuza njinga. Amanena yekha kuti pa moyo wake wonse, ulendo umene sanawerengepo kanthu ndi wa mamayilo atatu amenewo.

Pakhonde la chipatala panali amayi asanu atabisala mvula. Onse anavala biriwita, atatu anakulunga mitu. Bonifasio anaima pamvula, madzi akutsika m'khosi. Anayang'ana mapazi awo, koma onse anali ndi matope ofanana. Anadikira kuti wina atsokomole. Palibe anatsokomola.

"Anamawanga," ananong'ona, "ndithandizeni."

Nkhuku inali itanyowa, inangobisa mutu. Mawu anachokera kwa mayi wa pakati.

"Namawanga, uwafunse a kutsogolowo kuti anakatula mayi wa yani."

Amayi ena aja anaphulika nako kuseka. Nkhani anali ataimva kale. Anangondo anali atatuluka nthawi yomwe njinga inkanyamuka, naona ndi maso awo malo awo atakhalapo wina, chobwerera, koma m'kamwa munali thonje, ndiponso mkamwini amamuitana bwanji mofuula?

Bonifasio anagwada m'matope.

"Muwauze amayi kuti ndalakwa. Sindinayang'ane."

"Uwafunse, munthu wowerenga chilichonse, sanamve kuti wapepuka?"

"Ndinamva. Ndinayesa ndi dzino."

Mayi wina anachita kugwira mzati kuti asagwe. Ngakhale sisitere amene ankadutsa ndi beseni anabisa nkhope. Anangondo anadikira phokoso lithe, ndipo polankhula sanakalipe.

"Namawanga, tamva. Munthu uyu wandilimira zaka zisanu ndi chimodzi. Chaka cha njala tinadya chinangwa cha miyendo yake. Koma atandipeza nditagwa pamsewu akhoza kundilizira belu n'kudutsa. Nanenso ndatopa kubisala pakhomo panga ngati wakuba. Dzino lomweli linang'aluka tsiku limene ndinkamuthawa kuseri kwa nkhokwe, ndinagunda mtondo." Anaima kaye, nalavula. "Bambo a Idesi."

Bonifasio anayang'ana nkhuku, kudikira kuti mawu adzere kumeneko.

"Ndikunena inu. Dzutsani mutu mundiyang'ane, mungadzatengenso wina."

Anadzutsa mutu pang'onopang'ono, ngati munthu wosuzumira mu una. Zaka zonsezo ankaganiza kuti mawu oterowo amatuluka pankhope yoopsa. Anaona nkhope yozungulira, tsaya limodzi lotupa, mphini ziwiri pachipumi, ndi maso a Bernadetta enieni, aja amachita akamabisa kuseka.

"Mwandiona?"

"Ndakuonani, amayi."

"Dzino lachoka. Nenani."

Mawu onse osanjidwa bwino aja anali atatsitsidwa pa mkuyu. Anatsala ndi ochepa.

"Ndikupempha amake Idesi ndi ana, tikakhale ku Ndunde. Ndizikakonza njinga."

"Mayi munanyamula uja anati chiyani?"

"Analola."

"N'zosavuta kulola mwana wa mwini. Nanga munda wanga?"

"Ndizibwera kudzagalauza chaka chilichonse. Mizere yonse 214."

"Ilipo 220. Isanu ndi umodzi ya kumtsinje ija, ya nsenjere, mumailumpha dala, ndimalima ndekha."

Bonifasio anawerenganso mumtima. Zinali zoona.

"Yonse 220, amayi."

"Ndipo Idesi akakula adzabwerere ku Milepa. Mundawo ndi wake, si wa njinga. Mwana ali m'mimbayo akabadwira kwathu, kenaka mudzawatenge. Inu tsogolani mukamange nyumba, yachitseko chenicheni."

"Zikomo, amayi." Anayang'ana kumwamba, madzi akumugwera kumaso. "Koma mvula yagwa. Ndikadzala sindingachokenso chaka chino."

"Mwalima zaka zonsezi osadziwa mvula? Ichi n'chizimalupsa, chongozimitsa moto wa m'tchire. Wodzala ndi imeneyi amadzala kawiri. Muli ndi milungu itatu. Imirirani, mukuchititsa manyazi pamaso pa anthu."

Asananyamuke panabuka nkhani ya nkhuku. Anangondo anavomera kuti ntchito ya masisitere inali yabwino, koma anati mwambo umafuna kuti apongozi ndi mkamwini akasiya kuthawana, pafe nkhuku adyere pamodzi, ndipo nkhuku imene inalipo inali yomweyo. Bonifasio anakumbatira kadengu.

"Amayi, nkhoswe yofikitsa mawu saidya."

Mayiwo anaganiza. M'kadengumo munapezeka dzira limodzi, lofunda, limene Namawanga anaikira mwina pa chitunda chija. Analipereka kwa sisitere ndi manja awiri, nalonjeza dengu la nandolo akadzabweranso.

"Za kudya tikaona," anatero pokwera njinga. "A Lameck ali ndi tambala."

Pobwerera Anangondo anakhala cham'mbali monga amakhalira anthu onse, ndipo njira yonse anadandaula kuti kuyang'ana kutsogolo n'koopsa, chifukwa dzenje umaliona lisanafike. Anagona pa Ndunde kwa mlongo wake wa Bonifasio. Lachisanu m'mawa, tsiku limodzi lisanakwane Loweruka, a Abbas analandira yankho lawo, ndipo Anangondo anayendera khondelo okha, kuliyeza ndi mapazi, n'kunena kuti denga lake likudontha pangodya. A Lameck anawapeza pamudzi wa nthochi uja, atakhala pamthunzi, tayala likupumabe. Lamulungu tambala wawo anadyedwa pakhomo pa Anangondo. Mwini tambala anapatsidwa khosi.

Namawanga anasamukira ku Ndunde pamodzi ndi masipanala, ndipo anafa ndi ukalamba. Zimene zimayendayenda pakhondepo lero ndi zidzukulu zake. A Kalinde tsopano ali ndi masipanala khumi ndi awiri, ndipo njinga zodutsa tsiku la msika akuti zapitirira 90. Mitengo ikayamba kufiira amatseka ntchito masiku asanu ndi atatu, ndipo ngakhale ubwere tcheni chitaduka udzangouzidwa kuti ali ku Milepa, ku mizere ya kumtsinje. Mayi wokalamba akawapempha kuti amukweze, amamuyang'ana kumaso kawiri n'kumufunsa dzina.

Anangondo amabwera kudzacheza nthawi yokolola ikatha. Amakhala pa benchi, amalankhula ndi mkamwini wawo maso ndi maso, za mvula, za ana, za mitengo ya nandolo. Koma akawakwiyitsa, amatembenukira nkhuku iliyonse imene ili pafupi.

"Iwe, uwauze a kutsogolowo kuti denga lija likudonthabe."